Tsiku Limene Modris Anatsuka Abra

Mchimwene wanga Modris ndi munthu wabwino mtima, ndipo mavuto ake onse amachokera pomwepo. Akaona chinthu chikuvuta samafunsa, amangopinda manja a malaya n'kuyamba kuthandiza. Ine ndine Gunta, mlongo wake wamng'ono, ndipo ndakhala ndikutolera zidutswa za thandizo lake kuyambira tili ana.

Mkazi wake, alamu anga Ausma, ndiye mwini bekale ya pamsewu wotsikira ku kamtsinje ka Achule kuno ku Valka. Ine ndimaima pakauntala, Modris amayendetsa galimoto ndi kuwaza nkhuni. Kamtsinjeko mwana wasukulu amakadumpha osanyowetsa nsapato, koma ndiko malire. Tsidya lino ndife a ku Latvia, tsidya linalo ndi Valga, kwa anzathu a ku Estonia, aja ukawauza nthabwala Lolemba amadzaseka Lachinayi. Iwonso satisiya, amati ife tili ndi zala zisanu ndi chimodzi kuphazi. Tili ana inali tauni imodzi. Kenako kunabwera mpanda, asilikali ndi ziphaso, moti kukaona manda a agogo ako unkayamba waima pamzere.

Dziko lathu litalowa mu Mgwirizano wa Ulaya, choyamba chimene tinaona n'chakuti anthu atha. Achinyamata anakwera mabasi kupita ku Ireland kukathyola bowa, ndipo Raivis, mwana wa Ausma ndi Modris, anali m'gulu lomwelo. Buledi wakuda amafuna nyumba ya anthu ambiri. Nkhalamba yotsala yokha imagula theka n'kudya sabata yathunthu. Lamlungu lililonse Raivis ankaimba foni: "Amayi, tsekani bekaleyo mubwere, kuno ntchito ndi mbwee." Modris anali atavomera kale mumtima.

Ausma yekha ndiye ankakana, ndipo sankakana ndi pakamwa. Ankapita kumisonkhano ya amalonda imene ine ndikanangokagonako tulo, ankafunsa mafunso mpaka anthu a m'maofesi kumamuthawa m'makonde, ndipo pamapeto pake thandizo la Mgwirizano lotukula mabizinesi ang'onoang'ono a m'malire linamupeza. Kunabwera uvuni watsopano, matailosi oyera khoma lonse ndi sinki yachitsulo. Anthu ankaseka kuti akumanga tchalitchi kumene kulibe opemphera. Inenso ndinasekako, koma mumtima ndinkamusirira mayi ameneyu.

Kenako chaka china, m'mwezi wa Disembala, chitsulo chotchinga msewu pamalire chinachotsedwa, asilikali n'kulongedza. Valga ili ndi anthu ambiri kuposa ife, ndi masitolo omwe. Chisanu chitangoyamba kuchepa, Ausma anakulunga buledi m'nsalu n'kuyenda wapansi mpaka kwa a Endel, eni sitolo yaikulu ya zakudya pafupi ndi siteshoni ya sitima. A Endel anatafuna nthawi yaitali, monga mwa mtundu wawo.

"Woyendera zaukhondo akakuvomerezani, muzibweretsa," anatero. "Tiyambe pa chikondwerero cha tauni mu Juni. Koma akhale wakuda weniweni, mayi. Wa yisiti ndili naye wodzaza mashelefu."

Madzulo ake Ausma anatikhazika pansi tonse awiri. "Uwu ndi mwayi womaliza," anatero. "Zikakanika ndi a Endel, nditseka ndekha chitseko ichi, tikwere basi ya ku Ireland. Sindidzakangananso."

Kukoma kwa buledi wakuda kumakhala mu abra, chibeseni chachitali chosemedwa pa thunthu la mtengo, choti munthu wamfupi akhoza kugonamo. Ufa amauthira madzi owira mmenemo n'kuusiya kuti usase. Abra satsuka. Amangoipala ndi kathabwa, n'kusiya ufa wokanda pang'ono m'makona ndi m'ming'alu, ndipo zotsalazo ndizo chotupitsa cha buledi wotsatira. Ya Ausma inachokera kwa agogo ake, kudzera kwa amayi ake. Mkati inali yakuda bii, fungo lake ngati mowa wongoyamba kusasa, ndipo sinalawepo sopo chisemedwere.

Tsiku la woyendera litayandikira, mphekesera zinayamba. Akuti Ulaya sufuna ziwiya zamtengo m'khitchini. Akuti kutauni ina woyendera anapeza chipande chamtengo n'kutseka bekale pomwepo. Tauni yake iti, palibe ankadziwa, koma aliyense anali ndi msuweni amene anaona ndi maso. Modris ankazimva kugalaja n'kubwera nazo kunyumba nkhope ili gwa. Muyenera kumumvetsa pang'ono. Ife tinakula nthawi imene akuluakulu akamabwera kudzayendera, tinkapaka laimu ngakhale miyala ya m'mbali mwa msewu. Chilichonse chakuda chinkabisidwa kapena kuyeretsedwa, mafunso pambuyo.

Litatsala tsiku limodzi, Ausma anakwera basi kupita ku Valmiera kukatenga mapepala okulungira buledi. Linali Lolemba, tsiku limene sititsegula. Ine ndinafika masana kudzapukuta mawindo, ndipo fungo la mankhwala oyeretsera linandilonjera ndili pageti. Kuseri kwa nyumba ndinapeza Modris atanyowa mpaka m'mawondo, bulashi yawaya ili m'manja. Abra inali itatsamira khoma padzuwa, yoyera mbee.

"Achimwene!" ndinakuwa. "Mwatani?"

"Taona wekha," anatero akumwetulira. "Woyendera uja abwere ndi galasi lake lokuzira zinthu lomwe, sapezamo kanthu. Ndathira madzi owira, ndakwecha, ndaviika m'mankhwala."

"Mutu wanu ukugwira? Mwakhala m'nyumba muno zaka zonsezi, simudziwa kuti abra satsuka?"

"Ndikudziwa, iwe, usandiyese mwana. Koma chabwino n'chiti, abra yotsuka kapena bekale yotseka? Za chotupitsa usade nkhawa, ndagula yisiti wa m'mapaketi, wa ku Germany weniweni."

Ndinamutukwana mawu amene sindingawalembe pano. Tili mkati mokangana, geti linalira, Ausma n'kulowa ndi katundu wake. Anaima. Anaika katunduyo pansi bwinobwino, n'kupita pa abra paja. Anayendetsa chikhatho mkati mwake kuchokera kumutu mpaka kumapeto, n'kununkhiza zala zake. Ine ndinkadikira mkuwo, ndipo kunena zoona ndinkaufuna. Koma anangotola katundu wake n'kulowa m'nyumba, ndipo kuyambira ola limenelo sanalankhulenso ndi mwamuna wake.

Woyendera anabwera mmawa mwake, mtsikana wa magalasi, waulemu wake. Anaona sinki, anatsegula firiji, anagwada kuyang'ana pansi pa mashelefu ngati pali mbewa. Atafika pa abra anaima.

"Iyi ndi yatsopano? Yakale ili kuti, mayi?"

"Ndi yomweyo," anayankha Ausma. "Yatsukidwa."

"Aa! Chifukwa chiyani?"

Modris anatsokomola. "Tinamva kuti Ulaya sufuna mtengo."

"Anakunamizani ndani, bambo? Pa zakudya zamakolo mtengo ndi wololedwa. Zimene ndimafuna ine n'zakuti chipinda chikhale chaukhondo, abra izivundikiridwa. Agogo anga ali nayo yawo, ndipo mukaiyandikira ndi sopo akhoza kukuthyolani dzanja."

Anativomereza, natifunira mafuno abwino, n'kumapita. Sindinaonepo munthu wamkulu akuchepa ngati mmene anachepera Modris tsiku limenelo. Ndinamukwiyira kwambiri, komabe ndinamumvera chisoni.

Masabata otsatira anali owawa. Ausma anayesa yisiti uja kamodzi kokha, buledi n'kutuluka wofufuma bwino koma wopanda kukoma kulikonse. Anayesa kuyambitsa chotupitsa chatsopano mu abra momwemo, koma mankhwala anali atalowa m'mtengo. Ufa sunkasasa, unkangowola. Buledi ankatuluka wolemera ngati njerwa, akununkha kuchipatala. Makasitomala athu okalamba ankagula chifukwa cha manyazi, n'kukapatsa nkhuku. Abra yatsopano tikanaipeza, koma kuti mtengo ukhwime ndi chotupitsa pamafunika miyezi, ndipo Juni anali pakhomo. Modris ankawaza nkhuni kuyambira mmawa mpaka madzulo, mulu n'kufika padenga, nkhuni zoti palibe ankazifuna.

Tsiku lina titatseka, Ausma anavula epuloni n'kutenga buledi mmodzi mwa olephereka aja.

"Alamu, valani jekete. Tikupita kwa Helve."

"Helve wake uti? Wa tsidya lija?" ndinafunsa. "Mwazungulira mutu? Ameneyo ndiye mukukamulanda makasitomala!"

"Yemweyo."

Helve ali ndi bekale yaing'ono ku Valga, kuseri kwa tchalitchi. Ndi wamkulu kwa Ausma, wamtali, wosaseka wamba. Kale, tauni isanagawidwe, amayi ake ndi amayi a Ausma ankagwira ntchito limodzi, ndipo amayi a Helve atasemetsa abra yawo, amayi a Ausma ndi amene anakaipaka chotupitsa chochokera mu yathu ija. Mpanda utabwera, mabanja awiriwa anangotayana, popanda mkangano uliwonse.

"Nanga njerwa imeneyi mwaitengeranji?" ndinafunsa tili m'njira. "Mukufuna akatiseke?"

"Kwa wophika mnzako supita chimanjamanja. Ndipo ndikufuna aone yekha pamene ndafika."

Ine ndikanabisa. Ndikanapeka nkhani yoti abra yang'ambika ndi chisanu. Ausma analowa m'bekale ya Helve, anapereka moni m'Chirasha, chilankhulo chokhacho chimene timamvana nacho ngakhale tonse sitichikonda, n'kuika buledi uja pakauntala. Helve anamuyang'ana, anadula kachidutswa, anatafuna, n'kulavulira m'dzanja.

"Mwaphika ndi sopo?"

"Amuna anga anatsuka abra ya amayi, achemwali. Ankaopa woyendera."

"Anatsuka." Helve anapukuta dzanja pa epuloni. "Ndiye amati opusa ndife a tsidya lino."

Ine magazi anawira, koma Ausma anandiponda phazi.

"Ndabwera kudzapempha chotupitsa," anatero.

"Mayi Ausma, shelefu imene a Endel akukupatsaniyo, mukudziwa kuti pamakhala buledi wa yani?"

"Ndikudziwa. Wanu."

"Ndiye mukufuna ndikunolereni mpeni woti mundichekere ine ndemwe?"

"Sindikunamizani, achemwali. Mukandipatsa, ndikagulitsadi kwa a Endel. Mukandimana nditseka, ndipo sindidzakudani. Koma a Endel akufuna wina chifukwa inu simukukwanitsa kudzaza shelefuyo, tauni yonse ikudziwa. Ine ndikachoka adzaikapo wa m'mapulasitiki wochokera kumafakitale a kulikulu, ndipo ameneyo sadzabwera kudzakupatsani moni."

Helve anayang'ana manja ake. Zala zake zinali zotupa m'mfundo, zopindika. Ufa wakuda ndi wolemera, umamaliza munthu mapewa ndi zala.

"Pakamwa muli napo," anatero.

"Ndili ndi kauntalanso," anatero Ausma. "Ku Valka kulibe amene amaphika kringel ngati wanuyu. Pa ukwati ndi pa maliro anthu athu amagula makeke ouma a m'sitolo. Theka la kauntala yanga likhale lanu. Galimoto yathu ikamabweretsa wakuda kuno, izibwerera ndi wotsekemera wanu."

Kringel ndi buledi woluka uja wa shuga ndi zoumba, ndipo wa Helve, ngakhale ndinali nditakwiya, fungo lake linkandikoka mphuno. Helve anapukuta kauntala imene inali yoyera kale, anakonza mabanzi amene anali pamzere kale. Ine ndinayamba kumanga mabatani a jekete. Kenako anatsegula chitseko cha kuseri n'kutikodola.

Abra yake inali pakona, yovundikiridwa ndi nsalu. Atavundukula, fungo linadzaza chipinda, ndipo ndinaona Ausma akugwira khoma.

"Chibulumwa cha ufa sichikuthandizani," anatero Helve. "Mukachiika m'mtengo wamankhwala uja chifa tsiku lomwelo. Tengani yonse."

"Yonse? Nanga inu?"

"Ine manja atha. Ndakhala ndikuikanda chifukwa choopa kuti ikafa amayi adzandifunsa kumwamba. Ndikukubwerekani, sindikukupatsani. Ndipo mwamuna wanuyo akaiyandikira ndi madzi, ngakhale akumwa, ndidzabwera ndekha."

"Ndikamuuze abwere ndi galimoto," ndinatero ine.

"Galimoto ya wotsuka uja? Ayi. Miyendo muli nayo, ndi zala zanu zisanu ndi chimodzi zija."

Choncho tinainyamula atatu, ine ndi Ausma kutsogolo, Helve kumbuyo akulamula. Inali yolemera koopsa. Tinadutsa nayo pakati pa Valga dzuwa likupendeka, itafundidwa nsalu yoyera, ndipo bambo wina wokalamba pa siteji ya basi anaimirira n'kuvula chipewa.

"Pepani, amayi," anatero. "Anali wamng'ono?"

"Wamkulu kuposa inu," anayankha Helve osaima. "Ndipo ali moyo."

Titafika pakamlatho, pamene panali kanyumba ka asilikali, abra inagwedezeka kumbuyo. Nditacheuka ndinaona Helve atagwira ndi dzanja limodzi, linalo akupapasa m'thumba la jekete.

"Mukufuna chiyani, achemwali?" anafunsa Ausma.

"Chiphaso," anatero Helve, kenako anadzitukwana yekha m'chilankhulo chawo. Chichotsereni chitsulo chija anali asanawolokepo. Ausma anaseka koyamba chitsukireni abra, mpaka tinatula katunduyo pakati pa mlatho kuti tipume.

Modris atationa tikulowa pageti anathamanga kuti adzalandire. Helve anangomuloza chala, iye n'kubwerera chambuyo mpaka kukatsamira mulu wa nkhuni zake.

Masiku amene anatsala Ausma anakhala ngati mlezi. Ankaidyetsa abra ufa pang'onopang'ono kuti izolowere ufa wathu ndi madzi athu, ankaisuntha kufupi ndi uvuni, kenako kutali, ankaika khutu kumvetsera ngati ufa ukupuma. Kutatsala masiku awiri anathira madzi owira pa ufa wambiri, wokwana shelefu yonse ya a Endel, popanda kuyesa kaye pang'ono chifukwa nthawi inalibe. Ine ndinamuuza kuti akuchita juga. Anandiyankha kuti ndikasese pakhonde.

Mmawa wa chikondwerero buledi anatuluka mu uvuni, wakuda, wonyezimira, wolira bwino ukamugogoda kunsi. Tinamusiya kuti azizire. Kunja magulu a nyimbo anali atayamba kale kuyesa malipenga mbali zonse ziwiri za kamtsinje. Helve anafika ndi madengu a kringel pa wilibala, n'kuima pakona manja atapinda. Modris anali pakhomo, phazi limodzi mkati, lina kunja.

Ausma anatenga mpeni, anadula kumapeto kwa buledi mmodzi, ananunkhiza, n'kuluma. Anatafuna maso ali otseka. Kenako misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute.

"Alamu, walephereka?" ndinafunsa.

"Si wa amayi," anatero. "Ndi wowawasa kuposa wa amayi, ndipo fungo la kumapeto lija mulibe."

"Chotupitsa cha amayi anucho chakhala kwathu zaka zambiri," anatero Helve. "Mumafuna chibwerere osasintha?"

Ausma anagwedeza mutu. Analira ndithu, kulira kwa pamaliro, mapewa akugwedezeka. Buledi amene anakula naye, amene amayi ake ndi agogo ake ankaphika, sadzamulawanso. Modris anatembenuka kuti atuluke.

"Bambo a Raivis," anaitana Ausma.

Modris anaima ngati wamenyedwa ndi mwala kumsana. Ausma anadula chidutswa china chachikulu, anapaka batala, n'kupita nacho yekha pakhomo paja.

"Idyani."

Analandira ndi manja awiri. Anatafuna, nayenso maso atadzaza.

"Ndi wokoma, amayi a Raivis," anatero motsitsa mawu. "Pepani. Ine ndimati..."

"Ndikudziwa zimene mumati. Wa amayi wapita, ndipo ndidzamulira mpaka kufa kwanga. Koma uyu ndingamuike pashelefu ya munthu aliyense osagwetsa nkhope." Anapukuta maso ndi epuloni. "Kwezani m'galimoto, a Endel akudikira. Mukabwerako mumuimbire Raivis, mumuuze kuti asatidikire."